Dzina Sindinatchule

Lolemba, 7 Okutobala

Uthenga wafika m'mawa. Mayeso a Chiayirishi, chinenero cha makolo athu, oyankhula pakamwa, ndi Lachinayi la sabata yamawa. Nditauwerenga ndinapita kuchimbudzi kukangoima pa sinki. Mpando wa mkulu wa gawo la zogula pa ofesi ya boma ino ndi umodzi, oufuna tilipo anayi, ndipo alemba poyera kuti wodziwa Chiayirishi akhala patsogolo. Ndili ndi zaka 44. Giredi yomweyi kuyambira mkazi wanga Clodagh ali woyembekezera mwana wathu woyamba. Pano mwanayo wayamba kumeta ndevu.

Chiayirishi changa ndi cha kusukulu ndi cha makalasi a madzulo. Kulemba ndimalemba. Koma munthu akandiyang'ana m'maso n'kundifunsa funso, m'kamwa mumauma gwa.

Dessie wa tebulo loyang'anizana ndi langa akuti, "Pulofesa, ukangowauza kuti kunja kukugwa mvula. Sungalakwitse." Iye salemba nawo, n'chifukwa chake ali ndi mano oseka.

Lachiwiri, 8 Okutobala

Chikepe chinafa, ndiye ndinakwera pamasitepe akumbuyo. Ndinamva mzimayi akuyankhula pafoni, Chiayirishi chothamanga ngati madzi a mumpopi, chosafanana ndi cha m'makalasi. Kuseka, kukalipa, kusekanso. Nditakhota pakona, ndi Nóirín Coll wa ku gawo la nyumba. Nóirín amene ndakhala naye pa tebulo limodzi la tiyi zaka zonsezi. Sanatulutsepo ngakhale liwu limodzi la Chiayirishi.

Anadula foni.

"Wamva chiyani?"

"Palibe."

"Fergal, nkhope yakoyo sidziwa kunama. Amenewo ndi mayi anga. Ukauza munthu ndikupha."

Sanafunike kufotokoza zambiri. Tonse timadziwa za a Pádraig Lavelle. Analowa ntchito ali mnyamata wanzeru, wina anatulukira kuti ndi a ku Mayo kunyanja, kumene anthu amakula ndi Chiayirishi, anawaika pa zenera la Chiayirishi pansi paja. Mafoni onse a Chiayirishi, makalata onse, zomasulira zonse, kwa iwo. Kukwezedwa ayi, chifukwa akachoka pazenerapo pakhala ndani? Akupuma kumapeto kwa mwezi uno, ndipo bwana wathu, a Dervla Tuohy, akusakasaka wolowa m'malo ngati munthu wotaya makiyi.

Sindikudziwa kulimba mtimako ndinakutenga kuti. Ndinamupempha kuti azindiyankhulitsa nthawi ya nkhomaliro, mpaka tsiku la mayeso basi.

"Iwe ndi mantha akowo. Chabwino. M'galimoto yanga, kumapeto kwenikweni kwa malo oimika. Koma dzina langa lisatuluke pakamwa pako."

Ndinalonjeza. Ndalemba mawu ake ndendende mmene anawanenera.

Lachinayi, 10 Okutobala

Ndinapita ndi timakadi tanga. Mafunso onse amene angafunse, ndinawasanja m'magulu: banja, ntchito, nkhani za dziko, zimene ndimachita ndikaweruka. Nóirín (ndizingolemba N.) anatitenga n'kutiponya pampando wakumbuyo.

"Akakufunsa chimene sichili pakhadi ukakomoka? Tandiuza, galu wanu anachita chiyani dzulo?"

Ndinachita thukuta pofotokoza za galu. Anaseka mpaka kutsamwa ndi buledi. Akuti ndimayankhula ngati chikalata cha misonkho.

Kenako anayamba iye, pang'onopang'ono kuti ndizimva. Za kwawo ku Donegal. Bambo ake anali ndi boti lobiriwira logwirira nkhanu, mayi ake ankasunga positi ofesi m'chipinda chakutsogolo cha nyumba yawo, agogo ake aamuna ankaimba vayolini pamaliro ngakhale ansembe ataletsa. Ndinamva mwina theka. Koma mawu ake amamatirira. Pobwerera kunyumba ndinadzipeza ndikulankhula ndekha m'basi mmene amalankhulira iye, kukweza mawu kumapeto.

Lachisanu, 11 Okutobala

Dessie watiwona tikutuluka m'galimoto. "Pulofesa, mpaka magalasi kuchita nthunzi? Clodagh akudziwa?" Ndinafiira mpaka m'makutu. N. anangomuyankha kuti, "Nsanje, Dessie. Iwe palibe angakulowetse ngakhale m'ngolo."

Clodagh akudziwa. Ndinamuuza tsiku loyamba lomwe, osatchula dzina. Anati, "Ndi Nóirín eti? Mumuthokoze, mwina mugonako tulo."

Lachiwiri, 15 Okutobala

Lero sitinaphunzire zambiri. N. anabwera mochedwa, nsapato zili matope. Amachokera ku nyumba zatsopano zija za kuseri kwa njanji. Ntchito imeneyi anaiyamba pamalopo pali tchire lokhalokha, ndipo a Dervla anamulonjeza kuti ndi iye adzatsogolere kugawa nyumbazo mu Disembala. Pali banja lina, mayi ndi ana anayi, akhala m'chipinda chimodzi cha hotelo kuyambira chaka chatha. Kamwana kakang'ono kanamufunsa ngati nyumbayo idzakhale ndi chitseko chakechake.

"Ndikufuna ndidzawapatse makiyiwo ndi dzanja langa ili," anatero.

Ndinamufunsa, m'Chiayirishi changa chopunduka, ngati sizimamupweteka kubisa chinenero chake. Anasiya kutafuna.

"Chimenechi ndimayankhulira mayi anga. Bambo anga ndinatsanzikana nawo m'chinenero chimenechi. Sindikufuna kuchigwiritsa ntchito pouza anthu kuti mubwerenso mawa."

Kenako anandikonza mawu awiri n'kundithamangitsa m'galimoto.

Lachitatu, 16 Okutobala

Malaya asitidwa. Ndalemba timakadi tina, ndatiwerenga mobisa.

Lachinayi, 17 Okutobala

Ndilembe mwadongosolo, mwina ndiona pamene zinapotokera.

Pa tebulo panali anthu atatu. A Dervla pakati, mzimayi wina wa ku likulu, ndi woyesa Chiayirishi, mkulu wa imvi, mphunzitsi wopuma, a McGinley. A Dervla Chiayirishi chawo ndi cha moni basi, ankangolemba.

Zinayamba bwino, bwino kuposa mmene ndinkalotera. Anafunsa za ntchito, ndinayankha. Za ana, ndinayankha. Ndinanenanso za galu, anaseka. Kenako a McGinley anaika cholembera pansi n'kupendeketsa mutu.

"Mnyamata iwe, ndiwe wa kuti?"

Ndinati wa konkuno, ndinabadwira kuseri kwa tchalitchi.

"Ayi. Kayankhulidwe aka si ka kuno. Wakatola kwa ndani?"

Funso limeneli silinali pakhadi. Ndinakumbukira lonjezo. Ndinati kwa mnzanga wina wa ku Donegal. Nkhope yawo inawala ngati ndawapatsa mphatso.

"Donegal mbali iti?"

Ndinatchula mbali yake. Ndinaganiza kuti dera si dzina.

"Kwathu kumeneko! Makolo ake ndani?"

Ndinati sindikuwadziwa bwino. Ndipo zikanathera pompo. Koma panakhala chete, iwo akundiyang'ana mwachimwemwe, ine ndikudziwa kuti chete amadya malikisi. Mawu anali okonzeka kale m'kamwa, osalala, a N. enieni. Ndinati bambo ake anali ndi boti lobiriwira. Ndinati mayi ake ankasunga positi ofesi. Ndinanenanso za agogo ndi vayolini pamaliro. Sindinayankhulepo Chiayirishi chokoma chotero m'moyo wanga.

A McGinley anamenya tebulo. "Hiúdaí wa vayolini! Ndiye mnzakoyo ndi mwana wa Micí, mwana wa Hiúdaí. Wamkulu ali ku Glasgow, wachiwiri ndi namwino. Ameneyu ndi wamng'ono uja, Nóirín."

Kenako anatembenukira kwa a Dervla, m'Chingerezi tsopano: "Mayi, mumandidandaulira pa tiyi kuti mulibe munthu wa pazenera, chonsecho muli ndi Nóirín Coll m'nyumba muno? Mwana ameneyo Chingerezi anakachiphunzirira kusukulu."

A Dervla analemba kena kake m'mphepete mwa pepala n'kukazunguliza.

Potuluka a McGinley anandigwira dzanja ndi manja awiri. "Ukawapatse moni mayi ake."

N. ananditumizira uthenga masana: "Wapulumuka?" Ndinayankha kuti, "Zayenda bwino, zikomo kwambiri." Ndi zoona. Zinayenda bwino.

Dzina sindinatchule. Ndabwereza zonse m'mutu kangapo. Sindinatchule.

Lachisanu, 18 Okutobala

Pa tiyi N. anandigulira sikono, akuti ya wopambana. Anafuna kumva zonse. Ndinamuuza za galu. Dessie analipo, ndiye ndinati ndimuuza zinazo tikakhala awiri. Titakhala awiri pa makina osindikizira ndinayamba kuti, "Nóirín," iye n'kuti, "Chiyani?" ine n'kuti, "Mapepala atha."

Mwina a Dervla aiwala. Ali ndi zambiri. Mwina chimene anazunguliza chinali china.

Lamulungu, 20 Okutobala

Ndamuuza Clodagh. Anali akusenda mbatata, anasiya mpeni.

"Muimbireni pompano."

Ndinati nkhani ngati imeneyi si ya pafoni, ndi yofunika maso ndi maso, ndiponso Lamulungu munthu amakhala akupuma.

"Fergal, mukusankha njira yaulemu chifukwa ndi imene ili kutali."

Ndinalemba uthenga, ndinafufuta. Ndinalembanso wautali, wofotokoza mmene mafunso anayendera mwatsatanetsatane. Unkaoneka ngati lipoti. Ndinafufuta. Mawa m'mawa ndikamudikira pamalo oimika magalimoto asanalowe.

Lolemba, 21 Okutobala

Ndinafika molawirira. Galimoto ya N. sinabwere. Ndinaiwala kuti Lolemba amayambira ku nyumba zatsopano. Ndikanamuimbira. Foni inali m'manja.

Analowa cha m'ma 11, chipewa cha pa ntchito yomanga chili kukhwapa. Ndisanadzuke n'komwe, a Dervla anasuzumira pakhomo: "Nóirín, kamphindi chabe."

Ofesi yawo ndi ya magalasi. Ndinaona zonse popanda kumva. N. analowa akumwetulira. A Dervla anayankhula, manja ali pamodzi ngati akupemphera. N. anapukusa mutu. A Dervla anayankhulanso. Kenako N. anatembenuka n'kuyang'ana kudzera pagalasi, molunjika pa tebulo langa. Sanakwiye nkhope. Anangoyang'ana ngati akuwerenga nambala ya basi.

Atatuluka anadutsa kumbuyo kwa mpando wanga osaima. Dessie anati, "Kwagwanji? Banja latha?" Palibe anaseka.

Lachiwiri, 22 Okutobala

Ndinapita kwa a Dervla. Ndinakonzekera mfundo zitatu, ndinanena imodzi. Ndinati ndiikeni ine pazenerapo, Nóirín mumusiye ku nyumba.

Anavula magalasi. "Fergal, ndimafuna ndikuuze Lachisanu, koma poti wabwera. Mpando uja ndi wako. Unawasiya kutali anzako, makamaka pa Chiayirishi. A McGinley sakusiya kukutama."

Ndinati nanga zenera?

"Zenera si la giredi yako tsopano. Ndipo tinene zoona, iwe ungalimbane ndi nkhalamba ya ku Connemara itakwiya pafoni m'Chiayirishi chakumudzi? Lamulo likuti munthu akabwera ndi Chiayirishi tim'thandize m'Chiayirishi. Ndili ndi munthu mmodzi yekha wokhoza. Ukanakhala ine ukanatani?"

Ndinafunsa ngati ku gawo la zogula kumabwera makalata a Chiayirishi.

"Sindikukumbukako. Ukudandaula chiyani? Ndi za kanthawi chabe, mpaka titalemba wina."

Nyumba zija apatsa Aengus, amene wabwera chaka chino. Ndi munthu wabwino. Sadziwa dzina la mwana ngakhale mmodzi wa ku hotelo kuja.

Clodagh anagula botolo la vinyo atamva za mpando. Lili pa tebulo losatsegula.

Lachinayi, 24 Okutobala

N. ndinamupeza ku galimoto nthawi ya nkhomaliro. Anali akudya yekha. Ndinagogoda pagalasi, anatsitsa pang'ono chabe. Mvula ikundilowa m'khosi.

Ndinati, "Dzina lako sindinatchule."

Sindikudziwa chifukwa chake ndinayambira pamenepo. Ndinali nditakonza kuyambira pa kupepesa.

"Boti unatchula?"

"Eya."

"Positi ofesi?"

"Eya."

"Agogo anga?"

Ndinavomera ndi mutu.

"Ndiye unasiya chiyani? Fergal, wakulira dziko lomwelino. Munthu wa kwathu dzina safunsa, amakuuza ndi iyeyo."

Ndinati ndinachita mantha, panali chete, mawu anangobwera.

"Zimenezo ndikanakukhululukira. A McGinley anandiphunzitsa sitandade 4, angathe kufukula ngakhale mwala. Koma unandisiya ndikugulire sikono. Ukanandiuza Lachinayi lomwelo, ndikanapita kwa a Dervla ndekha, ndikanawauza kuti zenera ndilitenga mu Januwale, mundisiye ndimalize nyumba. Akanavomera. Munthu wobwera yekha amamvedwa. Koma ndinalowa muja ndikumwetulira ngati chitsiru, n'kupezeka kuti ndine wabodza wogwidwa."

Ndinafunsa ngati pali chimene ndingachite.

"Timakadi tako tili kumbuyoku." Anatambasula dzanja, anatipereka kudzera pampata uja, n'kukweza galasi.

Lachisanu, 25 Okutobala

Kutsanzikana ndi a Pádraig. Keke, tiyi, mawu a a Dervla onena za kudzipereka. Anawapatsa wotchi. Dessie ananong'ona kuti, "Munthu wakhala akuyang'ana wotchi moyo wake wonse, mukumupatsanso ina."

A Pádraig anayankhula mwachidule, theka m'Chiayirishi. Ambiri ankangogwedeza mitu. Pomaliza anapita kwa N. atanyamula kapilo kawo ka pampando, kakale, kophwatalala.

"Tenga, mwana wanga. Mpando uja ndi wouma. Inenso anandiuza kuti ndi za kanthawi."

Anthu anaseka poganiza kuti ndi nthabwala. N. analandira kapiloko ndi manja awiri.

Kenako a Dervla analengeza za ine. Anawomba m'manja. N. nayenso anawomba, bwinobwino, osafulumira kusiya.

Lolemba, 28 Okutobala

Tchuthi. Ndinayenda ndi galu mpaka kuseri kwa njanji. Nyumba zapakidwa utoto, zitseko zili ndi manambala kale. Sindikudziwa chimene ndimakafuna.

Lachinayi, 31 Okutobala

Ofesi yatsopano. Chitseko, zenera loyang'ana kumtsinje, mpando wozungulira. Tsiku lonse mitengo ya mapepala ndi matayala a magalimoto a boma. Zonse m'Chingerezi.

N. sabweranso ku tiyi wa m'mwamba. A pansi amamwa nthawi yawo. Ndamutumizira mauthenga awiri. Akuoneka kuti awerengedwa.

Aengus anabwera kudzandifunsa ngati ndikudziwa kumene N. ankasunga nambala ya mayi wa ku hotelo uja. Ndinamuuza kuti atsike akamufunse yekha. Anati akuchita manyazi. Ndinati tonse.

Lolemba, 4 Novembala

Nthawi ya nkhomaliro ndinatsika kupita ku zenera lija. Khomo la antchito linali lokhoma, ndipo sindinafune kugogoda. Ndinazungulira panja n'kulowera khomo la anthu onse. Mlonda anandiyang'ana modabwa nditadina kamakina n'kutenga nambala.

"Bwana, inuyo pamzere?"

Ndinati eya.

Ndinakhala pabenchi pakati pa mtsikana wa kamwana ndi bambo wina wonunkha nkhosa. Patsogolo panga panali gogo wamwamuna wa chipewa, wabwera ndi nkhani ya msewu wa kumunda kwake. Anayamba mokalipa. N. anamuyankha mawu awiri atatu, gogoyo anaima kaye, anavula chipewa, anafunsa kuti kwanu n'kuti. Posakhalitsa anali atatsamira pazenera akuseka. Anachoka akupukuta m'maso. Ntchitoyi akuidziwa, ndipo n'chifukwa chake sadzamuchotsapo.

Nambala yanga inawala.

Anakweza maso. Sanadabwe.

"Mwaswera bwanji, bambo. Chingerezi kapena Chiayirishi?"

Ndinati Chiayirishi. Ndinalibe khadi. Ndinanena kuti ndinalakwa Lachinayi lija, ndinalakwa koposa Lachisanu, Loweruka ndi Lamulungu. Kuti ndinaopa nkhope yake kuposa mmene ndinaopera kumuwonongera ntchito. Kuti ndinapempha a Dervla, anakana, ndipo ndipemphanso. Mawu ena ndinawaphonya, ena ndinawapotoza. Sanandikonze ngakhale limodzi. Anamvetsera mpaka ndinamaliza, manja ali pa tebulo.

Kenako anayankha m'Chiayirishi, osachedwetsa mawu ngati mmene ankachitira m'galimoto. Anati wamva. Anati mayi ake alandira kale moni wa a McGinley, ngakhale ine sindinaupereke. Anati nkhani imene ndabwera nayo si ya zenera lino, ndipo sakudziwa zenera limene ndingapite nayo.

Ndinamva zonse, liwu ndi liwu, osapempha kuti abwereze.

Anadina belu. Mtsikana wa kamwana uja anandigwira pachigongono.

"Bambo, mwamaliza?"

Ndinamupatsa malo.